Mutu 7: Mabotolo Amapasa

1. Kachidutswa ka nsalu

Lachisanu lija Kadontho adadzuka ali munthu wa ntchito ziwiri, koma akudziwa kuti mwezi ukatha atsala ndi imodzi.

Ntchito yoyamba inali ya ku labotale yoyeza madzi a mumzinda, kumene adalowa atangomaliza maphunziro a sayansi. Dzina lakuti Kadontho adalitola komweko, pakuti pothira mankhwala m'madzi oyezedwa ankadontheza mofatsa ngati munthu wothira mankhwala m'diso la khanda.

Ntchito yachiwiri inali yolemba. Nkhani yake yaupandu, yosimba za anthu othira poizoni mumtsinje, inkatuluka chigawochigawo m'nyuzipepala ya Lamulungu, ndipo mzinda wonse unkaiwerenga. Ku labotale anali atatsanzika kale. Madzulo a tsikulo ankayembekezeka kukawerenga chigawo chomaliza ku laibulale yaikulu, ndipo Mkonzi wa nyuzipepalayo adalonjeza kukalengeza pomwepo kuti nkhaniyo isindikizidwa kukhala buku.

Potuluka m'chipinda chake adapeza amayi ake atakhala pa makina osokera, mapazi ali duu, nyuzipepala itayalidwa pamene pamayenera kukhala nsalu.

“Takhala apa kaye,” adatero amayiwo. “Munthu woipa wa m'nkhani yakoyi, uyu wosinthanitsa mabotolo a madzi, wamtenga kuti?”

“M'mutu mwanga, amayi.”

“M'mutu mwako muli munthu amene amanyamula botolo, n'kuliunika pa zenera, n'kuligogoda ndi chikhadabo, n'kunena kuti, ‘Tiuze zoona, mwana wa mtsinje’? Ine munthu ameneyo ndikumdziwa. Ndi a Mkulu a kuntchito kwanu. Anakhala pampando uwo tsiku limene unalandira digiri. Ngakhale kapu ya madzi imene ndinawapatsa anaiunika pa zenera, tonse n'kuseka.”

“Ndinangobwereka kachitidwe kawo basi. Aliyense akudziwa kuti ndi nthano.”

Amayiwo adavula magalasi awo n'kuwaika pa makina.

“Mwananga, ine ntchito yanga ndi yodula nsalu za anthu. Munthu akandibweretsera nsalu, zidutswa zotsala ndimambwezera, ngakhale zochepa ngati chikhatho. Ukudziwa chifukwa chake? Nditati nditenge kachidutswa n'kukasokerera pa thumba la wakuba, tsiku logwidwa wakubayo anthu sangayang'ane thumba lonse. Angaloze kachidutswako, n'kumati, ‘Nsalu iyi mwini wake tikumdziwa.’ Iwe wadula kachidutswa pa malaya a munthu amene anakuphunzitsa ntchito, n'kukasokerera pa chigawenga. Kusukulu anakuphunzitsa kulemba chimene waona osasintha kanthu, ndipo ku labotale umenewo ndi ulemu. Koma kumene walowaku, chimene waona pa munthu wamoyo n'chake, si chako. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Nkhuyu wadya ndiwe. Tiona amene m'mimba mum'pote.”

“Amayi, ndachedwa,” adatero Kadontho, nanyamula chikwama.

Ali panja adamva makina ayamba kulira, koma kulira kwake kunali kwa munthu wosoka ndi mtima wina.

2. Msomali wopanda chovala

Labotaleyo inali chipinda chachitali cha matebulo oyera, chonunkha mankhwala otsukira. Pakhoma pafupi ndi khomo panali mzere wa misomali yokolowekapo makhoti oyera. Msomali woyamba, wa a Mkulu, unalibe kanthu.

Anzake a Kadontho sadamlonjere monga mwa masiku onse. Wina adawerama pa mashini ake ngati mashiniwo amufunsa funso lovuta. Wina adayamba kutsuka botolo lotsuka kale.

Kenaka m'khonde mudamveka kulira kwa zitsulo. Anali wachiwiri kwa a Mkulu, bambo wansangala amene onse ankamutcha a Makiyi, chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalendewera pa lamba wake. Munthu ankayamba wawamva asanawaone. Tsiku limeneli mpukutuwo unali utanenepa.

“Wolemba wathu wafika!” adafuula. “Anthuni, khalani bwino, angakulembeni!”

“A Mkulu ali kuti?” adafunsa Kadontho.

“Kunyumba, akupuma. Komiti yoyang'anira labotale yawaimitsa kaye mpaka ifufuze. Mafoni alira sabata yonse, mlongo wanga. ‘Kodi wogogoda mabotolo uja si wa kwanuko?’ Nanga a komiti akanatani? Dzulo madzulo anawalanda makiyi n'kundisenzetsa ine.” Adasisita mpukutu uja ngati mwana wa mbuzi.

“Koma ijatu ndi nthano!”

“Eya, nthano, nthano. Koma nthano yake yokoma. Ine sindinkadziwa kuti uli ndi maso otere. Madzulo ano ndibwera kudzamva mathero ake.”

Pano tiyenera kunena chimene chidachititsa kuti nthano ipse ngati udzu wouma. Mumzindamo munkadutsa mtsinje weniweni. Kuyambira nyengo yamvula, nsomba zinkayandama chagada kumunsi kwa mafakitale, ndipo ana osamba kumeneko ankatuluka zidzolo. Komabe zotsatira za ku labotale zinkanena kuti madziwo ali bwino. Anthu anali ndi mkwiyo wosowa mwini. Nkhani ya Kadontho idaupatsa mkwiyowo nkhope.

3. Usavomere, usakane

Kadontho adatuluka kukaimbira foni Mkonzi. Adaima kumapeto kwa khonde, pafupi ndi chitseko cholemera cha chipinda chozizira.

M'chipinda chimenecho munkasungidwa mabotolo amapasa. Linali lamulo limene a Mkulu adakhazikitsa okha: madzi alionse otungidwa kumtsinje ankagawidwa m'mabotolo awiri pomwepo pagombe. Limodzi linkayezedwa. Linzake ankalimata ndi phula lofiira pamaso pa wotunga ndi mboni, n'kulisunga m'chipinda chozizira, kuti wina akakayikira zotsatira, mphasayo ikayezedwe kwina. M'nkhani yake Kadontho sadatchulemo za mapasa. Akadawatchula, chigawenga chake chikadagwidwa pa tsamba loyamba.

“Mtsikana iwe, ukudandaula chiyani?” adatero Mkonzi, mawu ake ali wefuwefu ndi chimwemwe. “Nyuzipepala inatha m'misewu dzuwa lisanafike pamutu. Ngakhale amene amagula nyuzipepala kuti akulungire zinthu, ulendo uno anayamba aiwerenga.”

“Bwana, munthu waimitsidwa ntchito.”

“Dzina lake unalitchula? Ine ndinalitchula? Tamvera. Madzulo ano akufunsa ngati n'zoona. Iwe ukangomwetulira. Usavomere, usakane. Ukati, ‘Owerenga aweruze okha.’ Basi.”

“Nanga ndikanena kuti ndinapeka?”

“Ndiye kuti buku lako lafa lisanabadwe. Anthu akulikonda chifukwa akuti walemba ndi wasayansi, wodziwa zam'kati. Ukawauza kuti zam'katizo ndi utsi, ine ndigulitsa chiyani? Ndipo kumbukira kuti ku labotale watsanzika kale. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe. Phanga lako tsopano ndi lino.”

Foni idaduka. Kadontho adavula khoti lake loyera, naliponya pa msomali, natuluka osatsanzika munthu.

4. Kapu ya madzi

Nyumba ya a Mkulu inali kumapeto kwa msewu wa mitengo yambiri. Pa geti lachitsulo wina anali atalembapo ndi penti yakuda kuti WAKUPHA NSOMBA. Akazi awo a a Mkulu anali atagwada pamenepo ndi beseni ndi bulashi. Zilembo zoyamba zinali zitafufutika, koma chithunzithunzi chake chinkaonekabe.

Adamuyang'ana Kadontho kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

“Mwabwera kudzatola chigawo china?” adafunsa. “Lowani. Mukaonetsetse mmene amakhalira pampando, mmene amatsokomolera. Musasiyeko kanthu.”

“Amayi, ndabwera kudzapepesa.”

“Kupepesa sikuchotsa penti, mwanawe. Ndayesa sopo, wakanika.”

“Mlekeni alowe,” adatero mawu ochokera pakhonde.

A Mkulu anali atakhala pampando wansungwi, atavala malaya akuntchito ngakhale kuntchito kunalibe. Kadontho adakhala pa sitepe, munsi mwa mpandowo. Patebulo panali kapu ya madzi. Madalawo adainyamula, dzanja lidayamba kukwera lokha kulunjika kumene kunali kuwala, ndipo chala chidapindika kuti chigogode. Pomwepo adaima. Adayang'ana kumsewu, natsitsa kapuyo osamwa.

Kadontho adagwetsa nkhope.

“Sindinaganize kuti anthu atero,” adatero potsiriza.

“Ndikudziwa,” adayankha a Mkulu. “Ukanakhala ndi nkhanza ukanabisa bwino. Tamvera, mwana wanga, pakuti mwina sindidzakhalanso ndi mpata wokuphunzitsa. Pamene unandiuza kuti ukusiya ntchito kuti uzilemba, sindinakuletse. Ndinati mtsinje ukusowa olankhula. Ife timalemba manambala, ndipo manambala salira. Nthano imalira, anthu n'kumva. Koma ndinaiwala kukuuza kuti cholembera ndi mankhwala oopsa kuposa onse a m'kabati yathu yokhoma ija. Asidi ukamtaya patebulo amawotcha pomwepo, n'kuthera pomwepo. Mawu ukawataya amayenda okha, amakwera basi, amalowa m'nyumba zimene iwe sudzalowamo. Mdzukulu wanga wabwerako kusukulu dzulo akulira. Anzake akumutcha mwana wa mtsinje. Madzi akatayika saoleka. Ndinakuphunzitsa kudontheza mankhwala mofatsa, dontho limodzi, n'kudikira kuti uone mtundu umene madzi asanduke. Anthu ndi chimodzimodzi. Usanathire dontho pa munthu wamoyo, uziyamba wafunsa kuti asanduka mtundu wanji.”

“Madzulo ano ndikanena,” adatero Kadontho. “Ndikanena kuti ndinapeka. Ndikawauzanso za mapasa, kuti pa labotale yathu palibe angasinthe botolo osagwidwa.”

“Ayi!”

Liwulo lidatuluka mwamphamvu kotero kuti bulashi ya pa geti idaleka kukwecha. A Mkulu adatsitsa mawu.

“Kuti unapeka, kanene, ngati mtima wako walola. Koma za mapasa usakatchule. Miyezi yapitayi zotsatira za kumunsi kwa mafakitale zakhala zikutuluka zoyera kuposa zimene maso anga akuona pagombe. Pali dzanja limene likuyeretsa, ndipo sindikudziwa kuti n'la yani. Komiti ikadzandiitana sabata yamawa, ndidzawapempha kuti tiimirire nthawi yomweyo, tikatsegule chipinda chozizira, wina asanachenjere. Mlenje saimba mluzu ali pafupi ndi nyama. Wamva?”

“Ndamva, a Mkulu.”

“Kumva kuli ndi makutu, kusunga kuli ndi mtima. Pita.”

5. Ku laibulale

Mashelefu a mabuku anali atakankhidwira kukhoma kuti mipando ikwane, komabe siidakwane. Ana asukulu adakhala pansi. Kumbuyo kudaima amayi ndi abambo ochokera kumunsi kwa mtsinje, anthu amene laibulale inali isanawaonepo. Pamzere woyamba padakhala mayi wa tsitsi laimvi, Wapampando wa komiti yoyang'anira labotale. A Makiyi adatsamira pafupi ndi khomo, namukwezera Kadontho chala chachikulu.

Mkonzi adalankhula nthawi yaitali. Adamutcha Kadontho diso la mtsinje, mwana wasayansi wosaopa. Pomupatsa chimkuzamawu adamunong'oneza kuti, “Usavomere, usakane.”

Kadontho adatsegula mapepala ake. Asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, mtsikana wa yunifolomu ya sekondale adakweza dzanja.

“Achemwali, tisanamve mathero, tiuzeni. Madala ogogoda mabotolo aja, alipodi?”

Maso onse adatembenukira kwa Kadontho. Mkonzi adamwetulira, kumuonetsa mmene kumwetulirako kuyenera kukhalira. Kadontho adayang'ana mapepala, nayang'ana mtsikanayo, natembenuza mapepalawo chafufumimba.

“Munthu wogogoda mabotolo alipo,” adatero. “Ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Koma sanasinthepo botolo. Kagogodedwe ndinatenga kwa iwo osawapempha. Upanduwo ndinapeka ndekha, nditakhala pabedi m'chipinda changa. Ndinaika nkhope ya munthu wolungama pa chigawenga, ndipo ndinalakwa.”

Adaganiza kuti mawuwo akwanira. Sadakwanire.

“Amugula!” adafuula wina kumbuyo.

“Dzulo wolimba mtima, lero wanthano? Akupatsa zingati?”

“Utsi sufuka popanda moto!”

Mayi wina adadzipanikiza kufika kutsogolo atagwira mwana padzanja. Adakwinya malaya a mwanayo, naonetsa mkono wodzaza zidzolo zofiira.

“Izi wapekanso ndiwe?” adafunsa. “Tandiuza, mwana wophunzira. Izi wazilemba uli pabedi?”

“Ayi, amayi. Mtsinje ukudwaladi. Koma si iwo...”

“Nanga ndani? Nsomba zikudzipha zokha?”

Bambo wina wamtali adakwera pampando. “Tikutaya nthawi ndi kamtsikana aka! Kwawo kwa madalawo tikukudziwa. Tiyeni akatiuze okha, agogode mitu yathu ngati mabotolo!”

Mipando idayamba kukhuluzika. Anthu akumbuyo adatembenukira kukhomo. Woyang'anira laibulale adatambasula manja ngati wotchinga ng'ombe, koma palibe adamuona. Kadontho adaona geti lija m'maganizo mwake, ndi mayi wogwada ndi bulashi, ndi madala okhala pampando wansungwi opanda pothawira.

Anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene chikadaimitsa miyendo imeneyo, ndipo chinali chomwecho chimene adauzidwa kuti asatchule.

“Imani!” adakuwa pa chimkuzamawu, mpaka chidalira tswii. “Pali umboni! Imani mumve!”

Ena adaima.

“Nkhani yanga ili ndi bodza lina lalikulu. Ndinabisa chinthu kuti nkhani ikome. Pa labotale yathu botolo lililonse lili ndi mphasa yake. Madzi timagawa pawiri pagombe pomwepo. Botolo lina timayeza, lina timamata ndi phula lofiira n'kulitsekera m'chipinda chozizira. Lamulo limeneli analikhazikitsa ndi madala omwewo amene mukufuna kukawaswera geti. Wakuba amadzitchera yekha msampha? Mapasa a miyezi yonseyi alipo. Akayezedwe kwina. Ngati wina ananama, madziwo anena okha, ndipo anenanso tsiku lake ndi dzanja limene linayeza.”

Bambo wamtali uja adatsitsa mwendo umodzi pampando. “Ndiye kuti zimene unalemba zija sizingachitike?”

“Monga ndinazilembera, sizingachitike.”

“Aa! Ndiye takhala tikuwerenga chiyani?”

Ena adaseka, kuseka kowawa. Mnyamata wina adapinda nyuzipepala yake n'kuikhalira.

Apo Wapampando adaimirira. Sadafune chimkuzamawu.

“Mwamva nonse. Mawa m'mawa komiti ikatsegula chipinda chimenecho, ndipo mayi uyu wa mwanayu ndi bambo uyo wa pampandoyo akakhale mboni. Mapasa tikawatumiza ku labotale ina. Kufikira zotsatira zitabwera, amene akakhudze geti la munthu akayankha kupolisi. Khalani pansi.”

Anthu adakhala pansi, mmodzimmodzi, akung'ung'udza.

Mkonzi adatola chipewa chake. Podutsa pafupi ndi Kadontho sadakweze mawu.

“Ndaonapo olemba akuphedwa ndi owerenga,” adatero. “Wodzikumbira yekha manda pamaso pa anthu ndamuona lero. Za buku uiwale.”

Kadontho adangogwedeza mutu. Pachifuwa pake panali popepuka. Buku linali litapita, ntchito inali itapita, koma palibe amene ankapita kwa a Mkulu.

Mpamene khutu lake lidazindikira kuti pali phokoso limene lasowa. Chiyambire msonkhano, nthawi iliyonse anthu akasuntha, pafupi ndi khomo pankamveka kulira kwa zitsulo. Tsopano kunalibe. Adayang'ana. Pamene padatsamira a Makiyi panali khoma lokha.

Mlenje saimba mluzu ali pafupi ndi nyama. Iye anali atauimba pa chimkuzamawu.

6. Phula lofiira

Adasiya mapepala ake patebulo pomwepo. Panja adaimitsa njinga yamoto, nauza woyendetsa kuti athamange ngati akuthawa mvula.

Dzuwa linali litapendeka pamene adafika ku labotale. Anzake onse anali ataweruka. Khomo lakutsogolo linali lokhoma, koma kiyi wake anali akadali naye kufikira kutha kwa mwezi. Adalowa, navula nsapato kuti zisagogode pansi.

Kumapeto kwa khonde, chitseko cholemera chija chinali chotsekuka pang'ono, ndipo mpweya wozizira unkatuluka n'kumukwawa m'mapazi.

Adasuzumira. Mashelefu a madzi a m'zitsime anali odzaza. A madzi a m'mipopi anali odzaza. A kumtunda kwa mtsinje anali odzaza, mabotolo ali ndandanda ndi zipewa zawo zofiira. Shelefu ya kumunsi kwa mafakitale inali mbee. Pamene panali mabotolo padatsala timikombero tamadzi, tisanaume.

Pansi panali madontho. Kadontho adawatsatira, monga adaphunzitsidwira kutsatira chimene maso aona. Adadutsa chipinda chotsukiramo, nakhota kulunjika ku khomo lakumbuyo, kumene galimoto zimatsitsira katundu.

Pafupi ndi khomolo padatsala kireti imodzi ya mabotolo. Wonyamulayo sadathe kusenza zonse ulendo umodzi.

Adagwada, natulutsa botolo limodzi. Linali lozizira mpaka kuluma zala, ndipo phula lake linali losasweka. Pamwamba pa khomo panali kazenera kolowetsa kuwala kwa madzulo. Dzanja lake lidakwera lokha. Madzi amene zotsatira zidawatcha oyera anali achikasu ngati dzimbiri, ndipo pansi pake padadikha zinthu zakuda.

Adaligogoda ndi chikhadabo.

“Tiuze zoona, mwana wa mtsinje,” adanong'ona.

Kunja chitseko cha galimoto chidatsekedwa. Mapazi adayandikira pa miyala, osafulumira, ndipo pa phazi lililonse zitsulo zinkalira. Kadontho adalowetsa botolo lija m'chikwama, nakhala pamwamba pa kireti, nagwira m'mbali mwake ndi manja onse awiri.

Chogwirira chitseko chidatembenuka.

“Mlongo wanga,” adatero mawu ansangala aja, “nsapato zako ndaziona pa zenera lakutsogolo. Tiye tikambirane za mathero a nkhani yako.”